Mkazi wa M'foni ya Amuna Anga

1

Dzina langa ndine Violet. Ndimagula ndi kugulitsa nandolo pa Migowi, ndipo aliyense wondidziwa adzakuuzani kuti pakamwa panga sipagona nkhani. Sindikana ayi. Koma nkhani iyi yokha yandikhala pakhosi chaka chathunthu, ndiye lero ndati ndiilavule, mwina n'kupezako tulo.

Amuna anga, a Fraser, ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwawo ndi ku Chiwalo, koma monga mwa chikhalidwe chathu anabwera kudzakhala kwathu pa chikamwini, m'munsi mwa phiri la Michesi. Munthu wofatsa zedi, samwa, sasuta, ukawakalipira amangokuyang'ana mpaka iwe mwini uchite manyazi. Foni yawo inkangokhala pa tebulo, mwana wathu Aliness n'kumaseweretsa mmene angafunire.

Mu Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anatilanda mng'ono wanga Ida. Madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba yake yonse, osatsala ngakhale njerwa imodzi. Amuna ake, a Micheal, anali pa ulendo wa ku Joni. Mwana wawo wamkazi, Promise, anapulumuka chifukwa sabata imeneyo ankagona kwathu. Tinakumba matope masiku asanu ndi makasu, mtembo osaupeza, mpaka tinangokhuza maliro opanda bokosi. Promise anatsala m'manja mwanga, poti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi.

Patapita chaka, amuna anga anayamba kusintha. Foni ija inayamba kukiyidwa, n'kumagona m'thumba la buluku. Mwezi uliwonse ankati akupita ku Limbe pa za ntchito. Za ntchito zanji, mphunzitsi wa Sitandade 5? Ndipo akabwerako, fizi ya Promise ku sekondale yogonera komweko inkapezeka yalipidwa, nsapato zagulidwa, sopo ndi shuga zili m'chikwama chake. Malipiro a mphunzitsi ndimawadziwa ine, amatha mwezi usanafike pa 20.

Nditawafunsa, anati pali munthu wakufuna kwabwino amene akuthandiza mwana wamasiye. Nditati ndani, anati sanafune kutchulidwa. Ndinaseka, koma sindinawakhulupirire.

2

Tsiku lina ndikupukuta fumbi, ndinapeza kapepala kobisidwa m'chikuto cha Baibulo lawo. Panali mawu a Chingerezi makumi awiri ndi asanu, olembedwa ndi dzanja lawo, osagwirizana m'pang'ono pomwe. Lina nyama, lina mtundu wa nsalu, lina sindinalimvepo chibadwire. Tsitsi linandiyima. Ndinati basi, bambo a Aliness alowa za satana, awa ndi mawu oyitanira ndalama. Ndinabwezera kapepalako, ndipo sabata yonse ndinkayang'ana ana anga ngati akuwonda.

Za satanazo zinatha Lachitatu lina masana. Ndinabwerako msanga ku msika chifukwa mavenda a ku Limbe sanabwere, ndipo ndinamva amuna anga akulankhula chapansipansi kuseri kwa khola la mbuzi.

“Usadandaule, sakudziwa kanthu,” ankatero. “Ine sindingakutaye.”

Mawu a mbali inayo sindinawamve bwino, koma anali a mkazi. Zimenezo ndiye khutu la mkazi silinama.

Ndiye zonse zinalumikizana m'mutu mwanga. Pali chimayi cha ndalama ku Limbe chimene chikuweta amuna anga, ndipo iwo, pofuna kutsuka chikumbumtima, akumagwetserako nyenyeswa kwa mwana wa malemu mng'ono wanga. Mwana wamasiye kumuphunzitsa ndi ndalama za chigololo! Ndinalira ndi mkwiyo. Banja la zaka khumi ndi ziwiri linali kundipulumuka m'manja, ndipo sindinkadziwa ngakhale dzina la amene akundilanda.

Madzulo ake ndinawafunsa maso ndi maso. Sanakane kuti ndi mkazi, komanso sanavomere kuti ndi chibwenzi.

“Mayi a Aliness,” anatero, “pali nkhani zina zimene si zanga kuti ndikuuzeni. Mungondikhulupirira.”

Kukhulupirira? Ndinawauza kuti ine si mwana wa ku mkaka. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwazonda, ndipo sanathe masiku anayi ndinali nditaloweza mmene chala chawo chimayendera potsekula foni. Atapita kosamba ndinaitsekula. Mauthenga wamba anali a aphunzitsi anzawo ndi a kutchalitchi basi. Koma munali tinthu tiwiri tachilendo. Kena kanali kotumizirana mauthenga, ndipo munali dzina limodzi lokha, “Simenti”, pansi pake popanda liwu ngakhale limodzi. Kenako kanali ndi manambala okhala ndi timadontho ndi mzere wautali wa zilembo zosawerengeka. Ndinajambula zonsezo ndi foni yanga.

3

Munthu amene ndinamuganizira kuti angandimasulire anali mlamu wanga, a Micheal, amuna a malemu Ida. Iwo ndi thiransipota, amanyamula anthu, katundu ndi ndalama pakati pa kuno ndi ku Joni. Palibe ejenti wa ndalama za pafoni, pa Migowi kapena pa Boma, amene samwa naye fanta, ndipo Amalawi a ku Joni amawadziwa ngati zala zawo. Munthu wansangala, wopatsa, pamaliro a Ida analira mpaka kukomoka. Inde, Ida ali moyo ankadandaula nawo, koma ndi banja liti lopanda phokoso?

Ndinawapeza akumangitsa katundu pa ngolo ya galimoto yawo. Atayang'ana zithunzi zija anaimba mluzu, n'kundikokera pamthunzi.

Anandifotokozera kuti zimenezo ndi ndalama za pa intaneti zimene amati kiripito, ndipo mtundu umenewu, Monero, ndi wa anthu ofuna kubisala. Ukatumiza ndalama pafoni, dzina lako limatuluka kwa wolandira, ndipo ejenti amakuona nkhope. Ku banki amafuna chiphaso. Ukapatsira thiransipota, ndiye mudzi wonse umadziwa usanafike n'komwe. Ngakhale kiripito yina, anati, imasiya mapazi oti wodziwa akhoza kulondola. Koma iyi imabisa wotumiza, wolandira, ndi kuchuluka kwake komwe. Mawu a m'Baibulo aja si a satana, ndi kiyi wa chikwama cha m'foni chosungiramo ndalamazo. Ku Limbe a Fraser amapita kukasinthitsa kwa munthu amene amawapatsa makwacha pamanja, popanda cholemba.

Ndinawapempha kuti andipezere mkaziyo. Anapukusa mutu.

“Alamu, apa ngakhale apolisi sangaone kanthu. Amene akutumizayu akubisala, ndipo kubisalako akukudziwa. Koma ndalama ndi imene ilibe pakamwa. Munthu ali napo.”

Anati mauthenga a “Simenti” amafufutika okha ukangowamvera, n'chifukwa chake ndinapeza mopanda kanthu. Nzeru yake inali yoti ndigwire uthenga usanatsekulidwe, ndisaumvere ndekha, koma ndikautsekule pamaso pa ankhoswe kuti a Fraser asowe pothawira. Ankalankhula akumwetulira. Ndikuganiza kuti zinkawakomera kuona mkamwini mnzawo, amene aliyense ankamutama ulemu, akugwa chagada.

Ndinawathokoza kwambiri. Ndipo poti amalume anga sadziwa za mafoni, ndinawapempha a Micheal kuti adzabwere pa tsikulo adzawafotokozere akuluakulu za ndalama zobisikazi. Ndinawaitana ndekha, ndi pakamwa pangapa.

4

Mwayi unapezeka Lachisanu. A Fraser anali kudimba, foni ataisiya pa tchaja m'chipinda, ndipo inalira kamodzi. “Simenti” anali atatumiza uthenga wa mawu. Chala chinandiyabwa, koma ndinadzigwira. Ndinaizimitsa n'kuikwirira pakati pa thumba la nandolo, kenako ndinatuma uthenga kwa amalume anga, a Eneya, amene ndi nkhoswe yanga, ndi kwa a Steve, akulu awo a amuna anga, kuti mawa m'mawa kuli nkhani.

Amuna anga atabwerako anasanthula nyumba yonse. Sindinawaonepo atatuwa choncho. Anandipempha, anandinyengerera, mpaka anagwada, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ine mtima unangoti, ehe, chikondi chake chafika pogwadira foni.

Loweruka m'mawa tinakhala pa khonde la amalume. Panali a Eneya, a Steve, azakhali anga awiri, ine ndi amuna anga. Sukulu zinali zotsekera, ndiye Promise anali kuseri akutsuka mbale. Ndinayala nkhani yonse, za ku Limbe, za kapepala, za kuseri kwa khola. Amalume anafunsa a Fraser kuti mkaziyo ndani. Anayankha mwaulemu kuti sanachimwire banja lawo, koma dzina sangatchule. A Steve anawakalipira kuti akuchititsa manyazi mtundu. Amalume anawakumbutsa kuti pamaso pa ankhoswe sipabisidwa kanthu, ndipo mkamwini wokana kuyankha ndiye kuti wadzimangira yekha katundu.

Nthawi imeneyo m'pamene galimoto ya a Micheal inaima pamsewu. Amuna anga atawaona akubwera, anadzuka ngati alumidwa ndi chinkhanira. Ine ndinatulutsa foni ija m'chitenje n'kuiyatsa.

“Violet,” anatero. Chikwatirane anali asananditchulepo dzina pagulu. “Tiye kuseri, awiriwiri. Ukamvere wekha, ndikuuza zonse. Koma pano ayi. Ndapota nawe.”

Mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinaona munthu wogwidwa akufuna kuthawa manyazi. Ndinayankha mokweza kuti zam'seri zakwana, lero aliyense amve mawu a mkazi mnzanga. Anayesa kundilanda, koma a Steve anawagwira mkono. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kudina.

“Alamu, ndi ine. Ndatumiza ija ya mwezi uno, mumugulire Promise nsapato ndi buku la masamu lija. Ntchito ndayamba, ku Bellville, m'shopu ya nsalu ya mayi wina wa ku Somalia pafupi ndi siteshoni. Mkono uja ukumapwetekabe kukazizira, koma ndili bwino. Achemwali musawauze, chonde. Ndimawasowa kwambiri, koma mukuwadziwa.”

Mawu amenewo ndinakula nawo mphasa imodzi. Ndinawazindikira pa liwu loyamba, koma chala changa chinauma, sindinathe kuimitsa. Azakhali ena anagwira kumutu. Kuseri kunamveka mbale zikugwa, ndipo Promise anatulukira thovu lili m'manja.

“Amayi! Amenewo ndi amayi anga!”

Tonse tinali kakasi, kupatula munthu mmodzi. A Micheal sanalire, sanakomoke ngati pa maliro paja, sanafunse n'komwe ngati mkazi wawo ali bwino. Anangopukuta magalasi awo ndi malaya pang'onopang'ono.

“Bellville,” anatero chapansipansi. “Pafupi ndi siteshoni.”

Anatsanzika amalume mwaulemu wonse n'kubwerera ku galimoto yawo.

5

Amuna anga anandilanda foni ija, ndipo ulendo uno palibe anawaletsa. Analembera Ida mawu ochepa: “Wamva komwe uli. Choka lero.” Patapita mphindi zochepa dzina la “Simenti” linazimiririka m'foni. Kenako anakhala pansi n'kutiuza zonse, osandiyang'ana.

Usiku wa namondwe uja Ida sanali m'nyumba mwake. A Micheal, asananyamuke kupita ku Joni, anamuthyola mkono ndi mpini, n'kumuuza kuti akabwerako adzamaliza. Ida anakabisala m'kachipinda kosungira mabuku ku sukulu ya a Fraser, ndipo iwo ndi amene anamutsekulira. Kutacha, nyumba yake kunalibe, ndipo dzina lake linali kale pa mndandanda wa okokoloka. Ida anawagwira miyendo amuna anga. Anati Mulungu wamupatsa khomo, amusiye afe m'maso mwa anthu kuti akhale moyo. Anadutsa ku Mozambique wapansi, mkono uli pa nsalu, mpaka anakafika ku Cape Town, kumene kuli Bellville kuja. Atapeza maganyu anafuna kuthandiza mwana wake, koma njira iliyonse yotumizira ndalama inkadutsa m'maso mwa anzawo a amuna ake. Munthu wina kumeneko ndi amene anamuphunzitsa za ndalama zobisikazo, iye n'kuphunzitsa a Fraser pafoni.

Ndinakuwa kuti nanga ine, mchemwali wake wa bere limodzi, amene ndinakumba matope mpaka zikhadabo kuzuka, anandibisiranji? Apo m'pamene amuna anga anandiyang'ana.

“Mukufuna ndinene pano, kapena munena nokha?”

Sindinanene pa khonde paja, koma ndinena kwa inu, chifukwa ichi ndi chimene ndakhala ndikuchizungulira chiyambire nkhaniyi. Zaka ziwiri namondwe asanabwere, Ida anathawapo kale. Anakabisala kwa mnzake pa Boma, ndipo munthu yekhayo amene anamuuza anali ine. A Micheal anabwera kwathu ndi chitenje chatsopano ndi mapaketi a shuga, misozi ili mbwembwembwe, akulumbira kuti asintha. Ndinawauza nyumba yake, mpaka mtundu wa chitseko. Ida anabwerera, ndipo pasanathe mwezi anali atachotsedwa mano awiri akutsogolo. Atabwera kudzandionetsa, ndinamupatsa madzi amchere n'kumuuza kuti banja ndi kupirira.

Ndiye phokoso lija ndinakuuzani kuti lili m'banja lililonse, ndinkalidziwa bwino lomwe kukula kwake. Ndinangosankha kusaliona, chifukwa a Micheal ankandinyamulira nandolo ulere.

6

Lolemba a Micheal ananyamuka kupita ku Joni, galimoto yopanda katundu. Tinakanena ku polisi za mkono uja, koma anati wodandaula mwini wake ayenera kuonekera. Aonekere bwanji? A Micheal anakhalako masabata asanu. Atabwerako sanalankhule ndi aliyense wa kwathu. Ndimawaona pa Migowi akumangitsa katundu, akuseka ndi anzawo, ndipo ndimawayang'anitsitsa nkhope kufuna kuwerengapo ngati anamupeza kapena ayi. Sipawerengeka kanthu.

Ankhoswe anagamula kuti a Fraser alibe mlandu. Amalume anachita kuwapepesa, chinthu chimene sindinaonepo mwini mbumba akuchitira mkamwini. Koma amuna anga anapempha kusamutsidwa, ndipo teremu itayamba anali akuphunzitsa kwawo ku Chiwalo. Sananditukwane, sanandimenye, sanati banja latha. Anangonyamula mabuku awo ndi njinga.

Promise sandilankhula kupitirira moni. Fizi yake imalipidwabe teremu iliyonse. Kaya ikuchokera kwa mayi ake, kaya a Fraser akudzimana pa malipiro awo, sindikudziwa, ndipo ku sukulu amangoti analipira ndi bambo wina.

Mwezi wathawu ndinalephera kupirira. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka ku Chiwalo. Ndinawapeza akuchonga makope pa khonde. Ndinagwada pa dothi, anthu akuona, n'kuwapempha kuti abwerere kunyumba. Anati ana adzawaona nthawi zonse, koma kugona nyumba imodzi ndi munthu amene ayenera kumubisira foni, atopa nako. Ndinati chabwino, za banja tisiye. Andiuze chinthu chimodzi chokha, kuti mng'ono wanga ali moyo kapena ayi. Ndinalumbira pa manda a mayi anga kuti sindidzauza munthu.

Anaika cholembera pansi. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka koposa.

“Mayi a Aliness, ndikati sindikudziwa, mulira. Ndikati ali moyo, musangalala, ndipo pofika Loweruka msika wonse wa Migowi udzaona kuti mwasangalala. Ndiye sindikuuzani chilichonse, lero ngakhale mawa.”

Ndinabwerera osamwa ngakhale madzi.

Abale anga owerenga, sindikuti mkazi asamafunse mwamuna wake akayamba kukiya foni. Funsani ndithu, ambiri amabisa zonyansa. Koma munthu amene sanakuchimwirenipo akagwada n'kunena kuti tiyeni kuseri ndikuuzeni, pitani kuseriko. Ine ndinali nditapambana kale pa nthawi imeneyo, choonadi anali atavomera kundipatsa. Chimene ndinkafuna chinali choti achite manyazi pagulu, ndipo ndinalipira ndi mwamuna wabwino komanso mng'ono wanga.

Ida anachita zonse bwinobwino. Anasintha dziko, anasiya dzina lake, anaphunzira njira ya ndalama imene ngakhale akatswiri sangailondole. Chinamuulula si makina ayi, ndi mchemwali wake, kachiwiri.

Ida, ngati magazini ino ingakupeze kumene uliko, mwana wako watalika kukuposa, ndipo masamu akukhoza. Usandiyankhe. Usandiuze komwe uli, ngakhale nditakupempha ndikulira.